MWANA WAMKAZI NDI NG'ANJO ZA MASIKU ANO

MARAMBA — Munthu akaima m'mbali mwa mseu waukulu wodutsa pakati pa mzinda wa Livingstone, umene anthu a kuno amaucha Maramba, sipapita nthawi asanaone malole akuluakulu alikutsikira ku malire. Ena anyamula mkuwa woyengedwa, wophwatalala ngati zitseko, ndipo akaoloka Zambezi pa ulalo wakale wa pa mathithi a Mosi-oa-Tunya umene unamangidwa m'caka ca 1905, kapena pa ulalo watsopano wa ku Kazungula umene unatsegulidwa m'caka ca 2021. Ena alikukwera kucokera kumwera atasenza mafuta, feteleza ndi sulufule wopita ku migodi. Katundu yense ameneyu, pa malo ena ace, anadzera m'manja mwa munthu wochedwa injiniya wa makemikolo.

Ana a sukulu a m'makomboni a Maramba, Linda, Dambwa ndi Libuyu amaona malolewa tsiku ndi tsiku. Mnyamata akanena kuti akadzakula adzakhala injiniya, akulu amagwedeza mutu mobvomereza. Mtsikana akanena mau omwewo, kawirikawiri amamfunsa ngati sanamve za unamwino kapena uphunzitsi. Nchito ziwirizi n'zolemekezeka, ndipo palibe wozinyoza. Koma m'nkhani ino tifuna kuonetsa makolo, makamaka a kumidzi, kuti luso losandutsa zinthu ndi moto, madzi ndi sefa si lacilendo kwa mwana wamkazi, ndiponso kuti zimene zimamtsekera njira ya ku yunivesite zimayambira pakhomo ndi pa sukulu, iye asanagwire n'komwe pepala la mayeso.

NCHITO YACE NJOTANI?

Ambiri akamva za makemikolo amaganiza za cipatala ndi mapiritsi. Iai, injiniya ameneyu sapima odwala ndipo sagawa mankhwala pa windo. Maphunziro ace Azungu amawacha chemical engineering, ndipo mutu wace ndi uwu: kutenga cinthu monga cimapezekera m'nthaka, m'munda, m'madzi kapena mumpweya, ndi kucisandutsa cinthu cina cofunika kwa anthu, osati m'kapu kapena mumphika, koma matani mazanamazana pa tsiku. Nzimbe za ku Nakambala ku Mazabuka zisanduke shuga, mwala wa ku Chilanga usanduke simenti, madzi amatope a mumtsinje asanduke akumwa.

Katswiri wa Chemistry ndiye amapeza m'kabotolo kuti izi zikasakanizidwa ndi izi pamatuluka cakuti. Injiniya amayambira pamene winayo walekezera. Iye amafunsa kuti thanki ikhale yaikulu bwanji, paipi ikhale yotakata motani, moto ufike pati, zotsalira zikatayidwe kuti, ndipo magetsi akazima mwadzidzidzi cimene cingaphulike n'citi. Maphunzirowa si akale kwambiri. Anayamba kuima pa okha ku England pamene George E. Davis anawaphunzitsa ku Manchester m'caka ca 1887.

Lamulo loyamba limene wophunzira amapatsidwa ndi lakuti cimene calowa ciyenera kutuluka kapena kutsalira mkati; palibe cimene cimangosowa cokha. Amai aliyense wopita ku cigayo amalidziwa lamuloli, pakuti akapereka tini yodzaza nalandira ufa wocepa, amadziwa kuti pena pace patayika kanthu. Ku fakitale ya shuga, matani 8 kufikira 10 a nzimbe ndiwo amabala tani imodzi ya shuga. Injiniya ayenera kulongosola kumene apita matani enawo: ambiri ndi madzi amene auluka ngati nthunzi, ena ndi makoko amene amasonkhera moto wa m'maboila, ena ndi manyuci akuda otsalira. Masamu akakana kugwirizana, ndiye kuti shuga alikutayikira mu ngalande, ndipo ndalama za alimi a nzimbe zilikutayikira momwemo.

Lamulo laciwiri amalidziwa bwino azimai ophika pa maliro ndi pa ukwati. Nsima ya anthu asanu ndi nsima ya anthu 200 siziphikidwa mofanana. Mumphika waukulu pansi pamapserera pamwamba pasanapse, ndipo mthiko wa pakhomo sufika pansi. Cifukwa cace ncakuti mphika ukakula kawiri m'litali, m'mimba ndi mu msinkhu, za mkati zimaculuka kasanu ndi katatu, pamene khoma lolowetsa ndi kutulutsa kutentha limakula kanai kokha. Pa phwando zotsatira zace ndi nsima yambwewe. Pa fakitale ya feteleza kapena ya mafuta, kutentha kukakanika kutuluka, zotsatira zace ndi maliro. Zaka zambiri za ku yunivesite zimathera pa bvuto limodzi lomweli.

ANAYAMBA NDI AZIMAI

Tiyeni tione cidulo. Amai amatentha zitsononkho za cimanga, masangwi a nyemba kapena makoko a nthoci, natenga phulusa lace, naliika mumphika kapena m'citini cobooledwa pansi. Akathira madzi pamwamba, madziwo amatsika pang'onopang'ono, nasungunula mcere waukali wa m'phulusa, nadontha m'mbale. Phulusa lopanda nchito limatsala. Madzi amene adonthawo ndiwo amafewetsa therere ndi cigwada, ndipo ndiwo amagwiritsa cikanda.

Tsono pitani ku Chingola. M'caka ca 1974 mgodi wa Nchanga unatsegula fakitale yocotsa mkuwa m'matope amene anali atatayidwa kale ngati opanda phindu, ndipo pa nthawi imeneyo inali imodzi mwa mafakitale akulu koposa a mtundu wace pa dziko lonse lapansi. Matopewo amathiridwa madzi a asidi. Asidi amasungunula mkuwa, mcenga umatsala, ndipo madzi obiriwira otuluka amayeretsedwa kufikira magetsi atakoka mkuwawo kuti umatirire pa zitsulo. Ici n'cidulo ca ku mgodi. Njira yace ndi imodzimodzi: thira madzi oyenera, sungunula cimene ufuna, siya cimene sufuna.

Cinangwa cowawa ciri ndi ciphe cokhoza kupha banja lonse, koma azimai anapeza kalekale kuti cikabviikidwa m'madzi masiku angapo ndi kuyanikidwa, ciphe cimacoka. Cimera nconso. Mbeu ya mapira kapena cimanga ikamera pang'ono, imakhala ndi mphamvu yosandutsa ufa kukhala wotsekemera, ndipo apo ndipo pamacokera thobwa. Anzathu a kuno ku Cigawo ca Kumwera amacita comweco ndi mizu ya munkoyo pophika cibwantu. Amene amafulula mowa amadziwa kuti phala likatentha kwambiri cimera cimafa, likazizira kwambiri cimagona.

Ngakhale kacasu titamuchula, ngakhale sitimuyamikira, pakuti waononga mabanja ambiri. Mowa umawira pa madigiri 78, madzi pa madigiri 100. Wophika kacasu amasunga moto wace kuti nthunzi ya mowa ikwere madzi asanawire, naipititsa m'paipi yodzera m'madzi ozizira, nthunziyo nisandukanso madontho. Fakitale ya Indeni ku Ndola, imene inatsegulidwa m'caka ca 1973, inali kulekanitsa petulo, parafini ndi dizilo mwa njira yomweyi, kucokera m'mafuta obwera pa paipi ya TAZAMA ya makilomita 1,710 yocokera ku Dar es Salaam.

Kusiyana kulipo, ndipo n'kwakukulu. Amai amayesa ndi lilime, ndi maso ndi cala. Injiniya amayesa ndi manambala, pakuti asidi salawidwa ndipo thanki ya matani 500 siipimidwa ndi cala. Amai akalakwitsa amataya ndiwo za tsiku limodzi. Cimene sukulu imaonjezera pa nzeru ya pakhomo ndi masamu, ndipo masamu ndiwo cipata cimene atsikana ambiri amabwererapo.

MWAMBO WA PA NG'ANJO

Panali moto umodzi umene akazi sanali kuloledwa kuuyandikira. Makolo athu Acewa ndi Atumbuka anali kuyenga citsulo m'ng'anjo zadothi, ndipo zotsalira zace zimapezekabe m'chire ku madera a Lundazi ndi Kasungu. Kumeneko kunali kucokera makasu, nkhwangwa ndi mikondo. Ng'anjo inali kumangidwa kutali ndi mudzi, amisiri anali kudika akazi ao masiku onse a nchito, ndipo citsulo cikakana kutuluka, mlandu unali kugwera pa mwambo wosweka. Lero tidziwa kuti citsulo cimakana cifukwa ca makala osauma, mpweya wocepa kapena mwala wosayenera. Koma maganizo akuti moto waukulu ndi wa amuna sanafe pamodzi ndi ng'anjo.

Azungu anabwera ndi mwambo wao wofanana, wolembedwa pa pepala. M'caka ca 1935 bungwe loona za anchito pa dziko lonse, la ILO, linapangana kuti akazi asagwire nchito pansi pa mgodi, ndipo malamulo a dziko lino anatsata pangano limenelo zaka zambiri, ngakhale titalandira ufulu. Lero akazi amalowa m'migodi ndi m'mafakitale oyengera mkuwa monga amuna. Lamulo linasintha, koma agogo amene anakalamba akumva kuti mkazi akatsika mu mgodi mwala umagwa, sanasinthe tsiku lomwelo.

Kunja nako cipata cinatseguka mocedwa. Margaret Hutchinson Rousseau wa ku America anali mkazi woyamba kulandira digiri ya udokotala wa maphunziro amenewa pa sukulu yochuka ya MIT, m'caka ca 1937. Pa nthawi ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, mankhwala a penisilini anali kupangidwa pang'onopang'ono kucokera ku cuku womera m'mabotolo, ndipo sanali kukwanira asilikari obvulala. Maiyu anakonza mapulani a fakitale yomeretsa cukuyo m'mathanki akuya, monga mowa m'mbiya. Aliyense amene anacirapo ndi jekeseni ya penisilini pa cipatala ca kumudzi anathandizidwa ndi nchito imeneyo. M'caka ca 2018 mai wina wa maphunziro omwewa, Frances Arnold, analandira mphotho ya Nobel.

NJIRA YOCOKERA KU MARAMBA

Pamene Zambia inalandira ufulu m'caka ca 1964, anthu akuda a digiri anali pafupifupi 100 okha m'dziko lonse. Anthu a kumidzi anapereka nkhuku, mbuzi ndi makobiri kuti University of Zambia imangidwe, ndipo inatsegulidwa m'caka ca 1966 ndi ophunzira 312. Ku Lusaka kumeneko kumaphunzitsidwa uinjiniya wa mitundu ina ndiponso za migodi ndi kuyenga miyala. Koma mtsikana wofuna digiri ya uinjiniya wa makemikolo maso ace amayang'ana ku Kitwe, ku Copperbelt University, imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1987. Kucokera ku Maramba ndi ulendo wa makilomita oposa 800, kudzera ku Choma, Mazabuka, Kafue, Lusaka, Kabwe ndi Ndola.

Mzinda uno suli wosauka pa sukulu. Unali likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 kufikira 1935, ndipo pambuyo pa ufulu unali ndi mafakitale a nsalu ndi mabulangete, macheka a matabwa a mukusi, ndi fakitale yolumikiza magalimoto a Fiat. Ambiri a mafakitalewa anatsekedwa m'zaka za m'ma 1990, ndipo mzinda unatsamira pa alendo odzaona mathithi. Sukulu zinatsala. Kuli Hillcrest, sukulu ya zaumisiri yotenga ana opambana kucokera m'zigawo zosiyanasiyana, kuli St Mary's ya atsikana, kuli Linda ndi zina. Mtsikana wa ku Cigawo ca Kum'mawa ali ndi St Monica's ku Chipata. Koma unyinji wa atsikana a kumidzi uli m'sukulu zoyendera, zina zopanda cipinda coyeseramo za sayansi, kumene mwana amamaliza sukulu ataloweza kuti asidi amasandutsa kapepala kukhala kofiira, koma osaonapo ndi maso.

Apa ndipo makolo ayenera kuchera khutu. Yunivesite imafuna kuti mwana akhoze bwino maphunziro asanu, ndipo mwa amenewa muyenera kukhala Cizungu, Masamu ndi Sayansi. Pa mayeso a Giredi 12, nambala 1 ndi 2 ndizo zapamwamba, ndipo mapointi akacepa ndiye kuti mwana wakhoza. Popeza ofuna malo ndi ambiri, kungokhoza sikukwanira. Ndiponso mwana amene anaphunzira Physics ndi Chemistry pa zokha, pamodzi ndi masamu oonjezera aja amati Additional Mathematics, amafika ku yunivesite miyendo italimba kale, pamene mnzace wosaphunzira zimenezi amayamba caka coyamba akupuma wefuwefu.

Kusankha kumeneku kumacitika mwana ali wamng'ono. Kwa zaka zambiri kunali kucitika polowa Giredi 10, ndipo kuyambira m'caka ca 2025 Boma linayamba dongosolo latsopano limene labwezera maina a Fomu ku sekondale. Kaya ndi Giredi kaya ndi Fomu, tsiku limene ana amagawidwa m'makalasi ndi tsiku lalikulu, ndipo makolo ambiri salidziwa. Mtsikana wokhoza masamu akhoza kuikidwa m'kalasi ya zophikaphika popanda womfunsa, cifukwa ca cizolowezi cabe. Pakapita zaka zitatu kapena zinai palibe cokonza. Kholo lopita kwa ahedi m'sabata yoyamba kukafunsa kuti, mwana wanga mwamuika m'kalasi yanji ndipo cifukwa ninji, silicita cipongwe. Lifunsenso ngati pa sukulupo pali kalabu ya JETS, imene yakhala ikusonkhanitsa ana okonda sayansi kuyambira 1968, ndi ngati atsikana amalowamo.

Cina ndi nthawi. Tisabisane, pakhomo pathu ana awiri akaweruka ku sukulu, wamwamuna amabvula yunifomu natenga buku kapena mpira, wamkazi amatenga ndowa. Akabwera kumadzi pali nkhuni, pali mbale, pali kamwana ka kumbuyo. Kuno ku tauni pali kukhalira amai pa benci ya ku msika wa Maramba. Mbiri yakale munthu angathe kuiwerenga usiku umodzi mayeso atayandikira, koma masamu ali ngati munda wa dimba, ofuna kuthirira tsiku ndi tsiku. Ora limodzi la masana, dzuwa lisanalowe, ndi limene limalekanitsa nambala 2 ndi nambala 6. Ndowa ikanyamulidwa ndi mlongo wace masiku atatu pa sabata, palibe amene adzafa ndi ludzu.

Boma lacotsa miyala ina pa njira. Kuyambira 1997 mtsikana amene watenga pathupi ali pa sukulu amaloledwa kubwerera m'kalasi akabereka. Kuyambira January 2022 sukulu za Boma n'zaulere kufikira kumapeto a sekondale. Kumapeto a 2023 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa kuti ukwati uliwonse wa mwana wosakwana zaka 18 ngwosabvomerezeka, ngakhale wa mwambo. Za ku yunivesite, bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2016, limathandiza ophunzira a m'mayunivesite a Boma, ndipo posankha limapatula malo a atsikana ndi a ana a kumidzi. Koma banja lidziwiretu kuti imeneyi ndi ngongole, yobwezedwa mwana akayamba nchito, ndiponso kuti si onse opempha amene amalandira.

ZAKA ZISANU KU KITWE

Digiri imeneyi imatenga zaka zisanu. Caka coyamba ndi ca sayansi ndi masamu, ndipo ndico sefa yeniyeni, pakuti amene apambana ndiwo amapatsidwa malo a uinjiniya. Pambuyo pace wophunzira amalowa m'maphunziro a kayendedwe ka madzi ndi mpweya m'mapaipi, kayendedwe ka kutentha, liwiro limene zinthu zimasandukira, ndi makina odziyang'anira okha amene amatseka mpope thanki isanasefukire. Pa chuthi cacitali amatumizidwa ku mgodi, ku fakitale ya simenti, ya shuga, ya mowa kapena ku kampani ya madzi kukaphunzira ndi manja. M'caka comaliza amalemba mapulani a fakitale yathunthu, kuyambira pa paipi yoyamba kufikira pa mtengo wa zonse, naimirira pamaso pa aphunzitsi kuyankha mafunso.

Mabvuto a caka coyamba ngofanana kwa onse: malo ogona ngocepa, nyumba za lendi n'zodula, ndipo mwana amene anali woyamba pa sukulu ya kwao amadzipeza ali pakati pa oyamba anzace mazana. Koma mtsikana ali ndi katundu wina woonjezera. M'kalasi ya uinjiniya akazi amakhala ocepa. Mnyamata akalephera mayeso amati uje walephera; mtsikana akalephera amati akazi sangathe. Pa nchito ya m'magulu pali msampha wina woonekera ngati ulemu: anyamata amagwira sipanara ndi mipope, napatsa mtsikana kope ndi pensulo ati popeza amalemba bwino. Akabvomera caka conse, adzatuluka ndi zolemba zokongola ndi manja osadziwa kulimba kwa mpope. Ayenera kukana, mwaulemu koma mosabwerera.

Ku fakitale amakapeza ovololo ndi nsapato zacitsulo zosokedwera thupi la mwamuna. Ici si ca maonekedwe cabe, pakuti magolovesi otayirira pafupi ndi asidi kapena lamba wa makina ndi ngozi. Mafakitale ena akale anamangidwa popanda woganiza kuti mudzafunika cimbudzi ndi cipinda cobvalira ca akazi. Kuli nchito ya usiku, popeza ng'anjo ndi maboila sizigona. Kulinso amuna ena, akulu msinkhu ndi akulu pa nchito, amene amayesa kugulitsa mamakisi kapena malo a nchito ndi thupi la mwana wa mnzao. Umenewu ndi mlandu pa malamulo a dziko lino, makamaka lamulo la 2015 loona za kufanana kwa amuna ndi akazi, ndipo mtsikana adziwe asanacoke pakhomo kuti akadandaula makolo ace adzaima kumbali yace. Mainjiniya aakazi ali ndi gawo lao m'bungwe la Engineering Institution of Zambia, kumene wophunzira angapeze akulu amene anadzera njira yomweyo.

Funso limene azakhali amafunsa ku mphala ndi lakuti, nanga adzakwatiwa? Mwamuna woopa mkazi wophunzira akadamuopanso akadakhala namwino wamkulu kapena hedi wa sukulu. Funso loyenera kulilingalira mofatsa ndi la ucembere. Zinthu zina za m'mafakitale, monga mtobvu ndi nthunzi za mankhwala ena, zimabvulaza mwana ali m'mimba, ndipo mai woyembekezera ayenera kusunthidwa kucoka pa malo otere. Lamulo la anchito la 2019 limapatsa mai masabata 14 a chuthi ca ucembere. Ndipo pa anchito onse a pa fakitale, injiniya wa makemikolo ndiye wodziwa bwino koposa cimene ciri mumpweya umene alikupuma.

DZIKO LILIKUMFUNA

Mlimi aliyense adziwa thumba la D Compound ndi la urea. Manambala aja 10-20-10 olembedwa pa thumba amanena kuculuka kwa zakudya zitatu za mbeu, ndipo urea ali ndi magawo 46 pa 100 a naitrojeni. Naitrojeniyo amacokera mumpweya umene tipumawu, pakuti magawo 78 pa 100 a mpweya ndi iyeyo, koma cimanga sicingathe kumudya ali comweco. Ajeremani awiri, Fritz Haber ndi Carl Bosch, ndiwo anapeza njira yomgwira pakati pa 1909 ndi 1913. Dziko lino linatsegula fakitale yace ya Nitrogen Chemicals of Zambia ku Kafue m'caka ca 1970, yogwiritsa nchito malasha a ku Maamba, ndipo m'zaka zaposacedwa kampani ya United Capital Fertilizer yamanga mafakitale ena ku Chilanga. Thumba lirilonse lopangidwa muno ndi thumba limene silidikira sitima ya pa nyanja mvula itagwa kale.

Madzi ndiwo aciwiri. Madzi a m'mipope ya ku Maramba amatungidwa mu Zambezi ndi kampani ya Southern Water and Sanitation Company. Madzi a mumtsinje asanamwedwe amathiridwa mankhwala ochedwa alamu, amene amagwirizanitsa tizidutswa ta matope kuti tilemere ndi kumira. Kenaka amasefedwa mu mcenga, nathiridwa klorini wopha tizirombo. Klorini akaculuka anthu amakana kumwa nabwerera ku zitsime zosatetezeka. Akacepa, tizirombo timafika pa mpope wa kumapeto kwa komboni tiri moyo. Muyeso wofunika pa mpope ndi kacigawo kakang'ono, pakati pa 0.2 ndi 0.5 ya miligiramu pa lita. Mtsinje ukasintha maonekedwe mvula ikagwa, muyeso wa mankhwala uyenera kusinthanso tsiku lomwelo. Mliri wa kolera umene unayamba mu October 2023 unapha anthu oposa 700 m'dziko muno, bwalo la mpira la Heroes ku Lusaka linasanduka cipatala, ndipo sukulu zinacedwa kutsegulidwa. Amene anatunga madzi, kusamala odwala ndi kucapa zobvala zao ambiri anali akazi.

Cacitatu ndi zotsalira za migodi. Mgodi wa mtobvu wa ku Kabwe unatsekedwa m'caka ca 1994, koma fumbi lace likali kudwalitsa ana a m'makomboni oyandikana nao. Pa 18 February 2025 damu losungiramo matope a asidi la kampani ya Sino-Metals ku Chambishi linaphulika, ndipo matopewo anatsikira mumtsinje wa Mwambashi nalowa mu Kafue. Nsomba zinafa, minda ya m'mbali mwa mtsinje inapserera, ndipo mipope ya mzinda wa Kitwe, kumene kuli yunivesite ija, inatsekedwa kwa masiku. Boma linatumiza ndege kukathira laimu mumtsinje, cifukwa laimu amapha ukali wa asidi, monga amacitira m'munda wa nthaka yowawasa. Kuwerenga kuti laimu afunika matani angati, athiridwe pati, ndiponso kuti zitsulo zaciphe zimene zamira m'matope a pansi pa mtsinje zidzacotsedwa bwanji, ndi nchito ya maphunziro omwewa, ndipo idzatenga zaka.

Tinene poyera kuti digiri si citupa ca nchito. Indeni inaleka kuyenga mafuta, ndipo kuyambira 2023 paipi ya TAZAMA inayamba kubweretsa dizilo woyengedwa kale. Mtengo wa mkuwa ukatsika, migodi imacepetsa anchito, ndipo pali omaliza maphunziro amene amakhala caka kapena ziwiri akuyenda ndi makalata. Makomo ogogodapo ndi migodi ya ku Copperbelt ndi ya ku Solwezi, mafakitale a simenti, laimu, shuga, sopo, mafuta ophikira ndi zakumwa, makampani a madzi a m'zigawo, ndi maofesi a Boma oyang'anira za cilengedwe ndi miyeso ya katundu. Asanagwire nchito ya uinjiniya pa malo alionse mwa amenewa, womaliza maphunziro ayenera kulembetsa dzina lace ku Engineering Institution of Zambia monga mwa lamulo la 2010. Amayamba ngati injiniya wophunzira pansi pa wamkulu, ndipo pakapita zaka zingapo alikugwira nchito ndi pamene amaloledwa kusaina mapulani ndi dzina lace.